Mmene mungasankhire laputopu yosewerera magemu osapusitsidwa ndi chomata cha i7

Mukafika pa wogulitsa malaputopu n'kunena kuti mukufuna yosewerera magemu, mawu oyamba amene mudzamve ndi akuti "iyi ndi i7, bwana, yamphamvu zedi". Anthu ambiri amatulutsa ndalama atangomva zimenezo. Koma i7, imene ndi purosesa kapena kuti ubongo wa kompyuta, si imene imajambula bwalo la mpira, udzu, mithunzi ndi anthu odzaza m'masitandi. Ntchito imeneyo ndi ya graphics card, ndipo ndi pamenepo pamene ndalama zanu zambiri ziyenera kupita. Zina zonse zimabwera pambuyo, ndipo m'malangizo ano ndazisanja motsatira kulemera kwake, osati motsatira mmene zimalembedwera pa katoni.

Gawo 1: Lembani mayina a magemu amene mudzasewere

Musanayang'ane mtengo wa laputopu iliyonse, tengani pepala mulembe magemu asanu amene mumawafuna zenizeni. Osati amene mumangowaona pa YouTube, koma amene mudzakhale nawo pansi madzulo.

Magemu ena ndi opepuka. Valorant, Dota 2, League of Legends, Minecraft ndi eFootball amayenda ngakhale pa makompyuta a zaka zingapo zapitazo. Ena ali pakatikati: GTA V, Fortnite, Counter-Strike 2, ndi EA Sports FC, imene ambiri timaitchulabe FIFA ngakhale dzinalo linasintha mu 2023. Kwa FC 25, kampani ya EA inalemba kuti kompyuta ikhale ndi graphics card ya GTX 1050 Ti ndi RAM ya 8GB ngati zochepetsetsa, ndipo kuti gemu iyende bwino pamafunika GTX 1660 ndi RAM ya 12GB. Ndiye pali magemu olemera, monga Cyberpunk 2077, Red Dead Redemption 2 ndi Doom: The Dark Ages ya 2025. Yomalizayi siyamba n'komwe pa graphics card yopanda ray tracing, njira yatsopano yojambulira kuwala ndi mithunzi, kotero GTX iliyonse, popeza ilibe zida zake, yatsala panja.

Pa tsamba la gemu iliyonse pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mukatsikira pansi mupeza mizere iwiri ya zofunika, wina wa zochepetsetsa ndi wina wa zoyenera. Mzere woyambawo musaukhulupirire kwambiri. Umangotanthauza kuti gemu itseguka, osati kuti muisangalala. Yang'anani wachiwiri.

Pepala lanulo likhoza kukupulumutsirani ndalama zambiri. Ngati palembedwa mpira wokhawokha, dzifunseni ngati laputopu ndi imene mukufunadi. PlayStation 5 imatsika mtengo kuposa laputopu yabwino ya magemu, ndipo mpira wa anthu awiri pa TV umakoma bwino pamenepo. Kompyuta ya pa tebulo nayo imapereka mphamvu zambiri pa ndalama zomwezo. Laputopu imapambana pamene mukufuna chinthu chimodzi chochita zonse: wophunzira za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST amene masana akujambula mapulani pa AutoCAD, usiku akuthamangitsana ndi anzake mu Call of Duty, kapena munthu wokonza mavidiyo a maukwati amene amayenda ndi makina ake m'chikwama.

Gawo 2: Sankhani graphics card, ndipo muifunse mafunso atatu

Pano ndi pamene pali mutu wa nkhani, choncho tikhalitsapo.

Funso loyamba: kodi ndi graphics card yapayokha? Laputopu iliyonse imatha kuonetsa zithunzi, koma zambiri za mu ofesi zimagwiritsa ntchito kagawo kakang'ono kamene kali m'kati mwa purosesa. Mukaona Intel UHD, Intel Iris Xe kapena AMD Radeon Graphics yopanda nambala, ndi zimenezo. Kagawo kameneka kalibe memory yakeyake, kamabwereka ku RAM. Apa ndi pamene ogulitsa ena amachenjerera: amakuonetsani pa sikirini kuti "graphics 8GB", pamene imeneyo ndi RAM yobwerekayo. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani GPU, ndipo muwerenge mzere wolembedwa Dedicated GPU memory. Wolembedwa Shared usakukhudzeni. Samalaninso ndi ma GeForce MX, monga MX450 ndi MX550. Ndi a Nvidia ndithu, ali ndi chomata chobiriwira, koma sanapangidwire magemu olemera.

Pa malaputopu a magemu, Nvidia ndi imene yadzaza msika. Manambala ake amawerengedwa chonchi: mu RTX 4060, 40 ndi m'badwo, 60 ndi msinkhu m'kati mwa m'badwowo. M'badwo wa 30 unafika pa malaputopu mu 2021, wa 40 mu 2023, wa 50 mu 2025. Msinkhu umayambira pa 50 kukwera mpaka 90. Choncho nambala yaikulu siitanthauza mphamvu nthawi zonse: RTX 3070 yakale imaposa RTX 4050 yatsopano pa magemu ambiri, chifukwa msinkhu wake ndi wapamwamba.

Funso lachiwiri: ili ndi memory yochuluka bwanji? Imeneyi imatchedwa VRAM, ndipo siwonjezereka. Mmene mwaigulira ndi mmene idzakhalire mpaka laputopu idzafe. GTX 1650 ndi RTX 2050 zili ndi 4GB. RTX 3050 ilipo ya 4GB ndi ya 6GB, ndiye funsani kuti ndi iti. RTX 3060 ndi RTX 4050 zili ndi 6GB. RTX 4060, 4070, 5050 ndi 5060 zili ndi 8GB. RTX 4080 ndi 5070 Ti zili ndi 12GB. VRAM ikadzaza, gemu imayamba kudukizadukiza ndipo makoma ndi nkhope zimaoneka zofufuma, ngakhale graphics card ikhale ndi mphamvu zotsala. Kwa ine, 4GB ndi ya mpira, GTA V ndi magemu opepuka basi. 6GB ikhoza kukusungani ngati simuchita manyazi kutsitsa zokongoletsa za gemu. Ngati mukugula yatsopano yoti mukhale nayo zaka zinayi, yesetsani kufika pa 8GB.

Funso lachitatu ndi limene ogulitsa ambiri sadziwa yankho lake: imapatsidwa mawati angati? Nvidia imalola wopanga laputopu kusankha mphamvu ya magetsi imene graphics card izilandira. RTX 4060 ikhoza kuikidwa pa mawati 35 okha kapena mpaka 115, ndipo ina imafika 140 ikaonjezeredwa kuchokera ku gawo la purosesa. Malaputopu awiri onse olembedwa RTX 4060 akhoza kusiyana kutalitali. Zili ngati pampu yamphamvu yolumikizidwa ku paipi yopyapyala: pampuyo ndi yomweyo, koma madzi amangodontha. Malaputopu opyapyala ndi otsika mtengo ndi amene nthawi zambiri amaikidwa pa mawati 45 kapena 60, chifukwa alibe malo a mafani aakulu. Nambala imeneyi imalembedwa kuti TGP kapena Maximum Graphics Power. Ifufuzeni pa tsamba la wopanga pogwiritsa ntchito nambala yonse ya laputopuyo, kapena ngati muli nayo m'manja, tsegulani Nvidia Control Panel, dinani System Information, muiona pamenepo. Pa 4050 ndi 4060, chilichonse chofika mawati 90 kapena 100 chili bwino. Kupitirira apo phindu limachepa, ndiye musalipire zambiri chifukwa cha 140.

Kumbukiraninso kuti graphics card ya laputopu si yofanana ndi ya kompyuta ya pa tebulo ya dzina lomwelo. RTX 4070 ya pa tebulo ili ndi 12GB, ya laputopu ili ndi 8GB. RTX 4090 ya laputopu imagwiritsa ntchito chip chomwe chili mu RTX 4080 ya pa tebulo. Mukamaonera mavidiyo oyesa magemu, onetsetsani kuti akuyesa ya laputopu, apo ayi mudzayembekezera zimene simudzaziona.

Chimodzi chimene chimandichititsa kukonda RTX kuposa GTX, ngakhale pa yogwiritsidwapo ntchito, ndi DLSS. Gemu imajambulidwa pa zithunzi zazing'ono, kenako graphics card imazikulitsa mwanzeru, ndipo liwiro limakwera popanda diso kuona kusiyana kwenikweni. M'badwo wa 40 ndi wa 50 umathanso kupanga zithunzi zoonjezera pakati pa zenizeni. Zimathandiza pa magemu a nkhani, koma musalole kuti manambala a pa zotsatsa, amene amawerengera zithunzi zoonjezerazi, akuzunguzeni mutu.

Gawo 3: Purosesa, ndi chifukwa chake i7 ina ndi yofooka kuposa i5

Dzina lakuti i7 palokha silinena kanthu. Core i7-6500U ya 2015 ili ndi ma core awiri okha, kutanthauza timagawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa. Core i5-13420H ya 2023 ili ndi asanu ndi atatu, ndipo imaisiya i7 ijayo kutali kwambiri. Choncho muziuza wogulitsa kuti akupatseni nambala yonse.

Mu nambalayo, yang'anani zinthu ziwiri. Manambala oyamba ndi m'badwo: 6500U ndi wa 6, 13420H ndi wa 13. Chilembo chakumapeto chimanena za mphamvu. U ndi ya malaputopu a mu ofesi, yosunga batire. H ndi HS ndi za magemu. HX ndi yamphamvu koposa, komanso yotentha ndi yodya magetsi koposa. Ku AMD, pa ma Ryzen a 7000, nambala yachitatu ndi imene imaulula zaka za kapangidwe: 7535HS ndi kapangidwe kakale kovekedwa dzina latsopano, pamene 7840HS ndi katsopano.

Pa magemu, i5 kapena Ryzen 5 ya chilembo H ya zaka zaposachedwa ndi yokwanira kuyendetsa RTX 4050 kapena 4060. Mukapeza malaputopu awiri a mtengo umodzi, ina i7 ndi RTX 4050, ina i5 ndi RTX 4060, tengani ya i5 osayang'ana m'mbuyo.

Pa zakale, pali malire amodzi osafunika kuwadumpha. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo pamodzi ndi TPM 2.0, kagawo ka chitetezo ka mu kompyuta. Pali njira zozembera lamuloli, koma magemu ena a pa intaneti, monga Valorant pa Windows 11, amakana kutseguka ngati TPM ndi chitetezo china chotchedwa Secure Boot palibe.

Gawo 4: RAM ndi malo osungira

Apa mukhoza kupuma pang'ono, chifukwa ziwirizi zimaonjezereka m'tsogolo, bola laputopu ikhale yolola.

RAM ikhale 16GB. Ya 8GB masiku ano imatha Windows ndi Chrome zisanakhute. Chofunikanso n'chakuti ikhale m'timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa purosesa imatunga ku mbali ziwiri nthawi imodzi ndipo magemu amayenda mosalala. Opanga ambiri amaika kamtengo kamodzi pa malaputopu otsika mtengo. Si vuto ngati malo achiwiri alipo. Vuto ndi malaputopu amene RAM yake inawotcherezedwa pa bolodi, yosachotseka. Funsaninso ngati ndi DDR4 kapena DDR5, pakuti sizilowana. Mitengo ya RAM inakwera kwambiri kumapeto kwa 2025 chifukwa makampani a AI ankagula yambiri, choncho musangoganiza kuti "ndidzaonjezera mwezi wamawa" musanafunse mtengo wake.

Posungira pakhale SSD ya mtundu wa NVMe, osati hard disk yozungulira. 512GB imaoneka yambiri mpaka mutaika Red Dead Redemption 2, imene imafuna 150GB, ndi FC imene imafuna 100GB. Onjezanipo GTA V ndi Windows, malo atha. 1TB ndi yabwino. Ngati ndalama zakana, tengani 512GB koma pa laputopu yokhala ndi malo achiwiri a M.2 oikamo SSD ina. Kwa ife amene timagula bandulo ya Airtel kapena TNM, malo osungira ndi ndalama zenizeni: gemu imene mwaifufuta kuti mupeze malo mudzaikoperanso ndi bandulo ina.

Gawo 5: Sikirini

Pa graphics card za msinkhu wa 50 ndi 60, sikirini ya 1920 x 1080 kapena 1920 x 1200 ndi yoyenera. Ya 2560 x 1600 ndi yokongola, koma imalemetsa graphics card kawiri, ndipo imayenera 4070 kupita m'mwamba. Ya 4K pa laputopu ya mainchi 15 ndi kutaya ndalama.

Liwiro la sikirini likhale 144Hz kapena 165Hz. Munthu amene wazolowera 60Hz akaona 144Hz koyamba safunanso kubwerera, makamaka pa magemu owomberana.

Pamene opanga amabisa kuchepetsa mtengo ndi pa mitundu. Mukaona "45% NTSC", dziwani kuti zofiira zidzaoneka ngati zasuluka. Yang'anani "100% sRGB" kapena "72% NTSC", makamaka ngati mudzakonzanso zithunzi kapena mavidiyo a anthu. Kuwala kukhale ma nits 300 kapena kuposa. Ya 250 imavuta m'chipinda cholowa dzuwa.

Mawu ena oti muwafufuze ndi MUX switch kapena Advanced Optimus. Pa malaputopu opanda zimenezi, zithunzi zochokera ku graphics card zimadutsa kaye mu purosesa zisanafike pa sikirini, ndipo liwiro lina limatayika panjira. Zikakhalapo ndi bwino. Zikapanda, si chifukwa chosiyira laputopu yabwino.

Gawo 6: Kutentha, fumbi ndi magetsi

Anthu amene amayesa malaputopu pa YouTube ambiri amakhala m'zipinda zozizira, magetsi osazima. Ife tili ndi October, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale ku Lilongwe m'nyumba ya malata masana simukhalika. Laputopu ikatentha kufika cha m'ma 95 mpaka 100, purosesa imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Gemu imayamba bwino, pakatha mphindi 20 n'kuyamba kukoka miyendo.

Ichi n'chifukwa chake ndimalangiza laputopu yonenepa. Yopyapyala imasiririka, koma yolemera makilogalamu awiri ndi theka, ya mafani awiri ndi mazenera otulutsira mpweya kumbuyo ndi m'mbali, ndi imene imapirira nyengo yathu. Itembenuzeni muone kukula kwa mazenera apansi. Onaninso ngati chivundikiro chapansi chimatseguka ndi masikuluwu wamba, chifukwa fumbi la August ndi September lidzakufunsani kuti muzitsuka mafani kamodzi kapena kawiri pa chaka. Musasewerere pa bedi kapena pa mkeka. Ikani pa tebulo, mukweze kumbuyo ndi kabuku kuti mpweya uzilowa.

Tsopano magetsi. Ambiri amagula laputopu poganiza kuti ESCOM kapena ZESCO ikazimitsa, iwo azipitiriza kusewera pa batire. Iwalani zimenezo. Mabatire a malaputopu a magemu amakhala pakati pa 50 ndi 99Wh, pamene gemu yolemera imakoka mawati 120 kapena kuposa. Batire silingapereke mphamvu yonseyo, ndiye mukangozula chaja laputopu imadula liwiro kwambiri, ndipo ngakhale itatero imafa pakatha ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Chimene batire limakuchitirani n'chakuti magetsi akazima mwadzidzidzi gemu siifa, mumapeza nthawi yosunga pamene mwafika.

Ngati muli ndi sola kapena inverter, werengerani. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma ngati ndi la mtovu simuyenera kulikhetsa kupitirira theka, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Chotsanipo zotayika mu inverter, laputopu yokoka mawati 130 ikupatsani maola anayi, popanda kuyatsa china chilichonse. Ya HX ndi RTX 4080, ya chaja ya mawati 330, ingadye zomwezo m'maola awiri. Kwa munthu wodalira sola, RTX 4060 ndi purosesa ya H kapena HS ndi yanzeru kuposa chilombo chodula. Inverter ikhale ya pure sine wave, yotha kunyamula mawati olembedwa pa chaja ndi kutsalako.

Gulani surge protector yeniyeni, yoteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, tsiku lomwelo. Nthawi yoopsa ndi pamene magetsi akubwerera, ndiye akazima zulani chaja kukhoma, mudikire kaye akhazikike. Chaja cha laputopu ya magemu sichipezeka pa msika ngati cha foni, ndipo chabodza chikhoza kuwononga bolodi. Za mapulagi, Malawi ndi Zambia timagwiritsa ntchito a mano atatu amakona ngati a ku Britain. Laputopu yochokera ku South Africa kapena ku America ibwera ndi pulagi ina. Chaja chenicheni chimalandira kuyambira 100 mpaka 240V, choncho ingosinthani chingwe cha kukhoma m'malo modalira adaputa yogwedera imene imathetheka.

Gawo 7: Mabowo ndi kiyibodi

Ngati mudzasewera pa intaneti, bowo la chingwe cha Ethernet ndi lofunika kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa WiFi imadumphadumpha. Koma dziwani kuti laputopu siingafupikitse mtunda. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 zili ndi maseva ku South Africa, ndiye kuchedwa kumakhala kopiririka. Magemu amene seva yake yapafupi ili ku Ulaya adzakuchedwerani ngakhale mutagula makina odula chotani. Mabowo a USB akhale osachepera atatu, a mawusi, controller ndi hard disk yakunja, ndipo HDMI ikhalepo ya TV.

Kiyibodi muiyang'ane ndi maso. Malaputopu ochokera ku France ali ndi AZERTY, pamene W ndi A, awiri mwa mabatani a W, A, S, D amene timayendera m'magemu, ali malo ena. A ku Germany anasinthanitsa Y ndi Z. A ku Dubai nthawi zambiri ali ndi zilembo za Chiarabu pambali, zimene sizisokoneza kanthu. Magetsi amitundumitundu a pansi pa mabatani saonjezera liwiro ngakhale pang'ono.

Gawo 8: Dzina la kampani ndi kogula

Kampani iliyonse ili ndi mzere wotsika mtengo ndi wodula. Lenovo ili ndi LOQ ndi Legion, ASUS ili ndi TUF ndi ROG, Acer ili ndi Nitro ndi Predator, HP ili ndi Victus ndi Omen. Mizere yotsikayo imatha kukhala ndi graphics card yomweyo, koma amachepetsa pa sikirini, pulasitiki, mahinji ndi batire. Musakwatire dzina. Laputopu ya dzina limodzi imasintha chaka ndi chaka, ndiye lembani nambala yake yonse pa intaneti muone amene anaiyesa, monga a Notebookcheck, amene amalemba kutentha, phokoso la mafani ndi mawati enieni.

Mitengo ya m'makwacha sindiilemba, chifukwa kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa katundu wa kunja sukhala malo amodzi. Chimene mungachite ndi kupeza mtengo wa laputopuyo m'madola kapena m'marandi, pa masitolo monga Evetech, Wootware kapena Takealot a ku South Africa, n'kuyerekeza ndi umene akukutchulirani ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Wogulitsa wa kuno ayenera kudya, analipira ulendo ndi msonkho, koma mudzadziwa ngati akudya mopitirira.

Ngati mukutuma m'bale wa ku Joni kapena ku UK, mutumizireni nambala yeniyeni ya laputopu, osangoti "mundigulire Victus". Muuzeni aiyatse ndi kuiyesa asananyamuke, pamene kubweza kukadali kotheka, ndipo asunge lisiti la pa malire ndi la chitsimikizo. Funsani a MRA za msonkho katundu asanafike. Pa ndege laputopu iyende m'chikwama cha m'manja. Za chitsimikizo, funsani momveka: ikafa mwezi wachitatu, ndani aikonze, kuti, ndipo ndani alipire ulendo? Chitsimikizo cha m'dziko lina nthawi zambiri chimagwira ntchito m'dziko lomwelo.

Gawo 9: Kuyesa yogwiritsidwapo ntchito musanapereke ndalama

Ambiri a ife tidzagula yakale, ndipo palibe cholakwika. RTX 3060 yosamalidwa bwino ikadali makina abwino. Koma laputopu ya magemu imakalamba msanga kuposa ya mu ofesi chifukwa cha kutentha, ndiye pemphani ola lathunthu loiyesa. Wogulitsa wokana zimenezi wakuuzani kale zonse.

Pitani ndi flash disk yokhala ndi GPU-Z, HWiNFO, CrystalDiskInfo ndi FurMark, onse ndi aulere. GPU-Z ikuuzani graphics card yeniyeni ndi VRAM yake. CrystalDiskInfo ikuuzani thanzi la SSD ndi maola amene yagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene "yangogwira miyezi iwiri" imagwidwa bodza. Tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, muyerekeze Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Ngati yachiwiri yatsika kufika theka, batire latha, ndipo mtengo utsike.

Kenako lumikizani chaja, yatsani FurMark, imene imalemetsa graphics card mwadala, kapena gemu yolemera kwa mphindi 20 HWiNFO ili yotsegula kuti muziona kutentha. Graphics card yokhala pa madigiri 70 mpaka 85 ili bwino. Ikakhazikika pa 87, yafika pa malire ake ndipo yayamba kudzichepetsa, mwina chifukwa cha fumbi kapena phala loziziritsira louma, zimene zimakonzeka. Koma mukaona timadontho tamitundu, mizere pa sikirini, kapena laputopu ikazima yokha, bwezani ndipo musamvere zakuti "ndi ma driver chabe", kutanthauza mapulogalamu oyendetsa graphics card. Graphics card ya laputopu inawotcherezedwa pa bolodi, ikafa ndiye kuti bolodi yonse yapita. Ikani khutu pa mafani onse awiri, amveke mphepo osati kukhwekhwereza.

Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mukuyang'ana m'makona a mahinji ngati pulasitiki yayamba kung'ambika. Ikani chithunzi choyera kenako chakuda pa sikirini yonse kuti muone madontho akufa. Lembani batani lililonse mu Notepad, makamaka W, A, S, D ndi space. Lowetsani flash disk m'bowo lililonse. Werengani mawati pa chaja muone ngati akufanana ndi amene wopanga analemba: chaja cha mawati 65 pa laputopu yofuna 170 chimaiyatsa, koma magemu sayenda, ndipo batire limatsika chili chilumikizire.

Zimitsani, muyatsenso n'kulowa mu BIOS, tsamba la makonzedwe limene limatsegulidwa Windows isanayambe. Ikafunsa password imene wogulitsa saidziwa, kapena Windows ikaonetsa dzina la kampani kapena sukulu ina, isiyeni, ikhoza kukhala yobedwa. Nambala ya serial ya mu BIOS ifanane ndi yolembedwa pansi pa laputopu. Lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi nambalayo, dzina la wogulitsa ndi nambala ya chiphaso chake.

Gawo 10: Tsiku loyamba kunyumba

Ikani ma driver atsopano kuchokera ku Nvidia, koma dikirani bandulo ya usiku kapena WiFi ya mnzanu, chifukwa pamodzi ndi za Windows zimadya magigabaiti angapo. Mu Windows, lembani intaneti ya foni yanu ngati metered connection, ndipo mu Steam letsani magemu kudzikonza okha, apo ayi mudzadzuka bandulo ya mwezi itapita. Pa Display settings onani ngati sikirini ili pa 144Hz, chifukwa nthawi zina imabwera itaikidwa pa 60. Mu pulogalamu ya wopanga, monga Lenovo Vantage kapena MyASUS, muli batani loletsa batire kudzaza kupitirira 80 peresenti, limene limatalikitsa moyo wake ngati laputopu imakhala pa chaja tsiku lonse. Sabata imene ndondomeko ya kuzima kwa magetsi yakhwima, lichotseni kuti batire lidzaze, mudzalibwezere magetsi akakhazikika.